Kaliwo Wanu Amayatsa Ndani?

Abale anga, sabata ino ndikusoka malaya uku ndikuimba nyimbo, ngakhale chimwemwe changachi chinayamba ndi manyazi aakulu.

Mukudziwa kuti ndine telala, makina anga amakhala pakhonde kuno ku Chiparamba. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti mkazi wanga, amake Tereza, wakhala akutsokomola kuyambira nthawi yokolola. Tsiku lina m'makhololo munaoneka magazi. Ndinamukweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni, ndipo dokotala sanazungulire: “Mayi, mukapitiriza fodya, chifuwachi chikutengani.”

Ine ndiye ndinasanduka msilikali weniweni! Kaliwo wake ndinaponya m'chimbudzi. Ndikapita ku Boma kukagula ulusi, ndinkabwerako ndi nzimbe ndi ndimu kuti pakamwa pasamakhale pachabe. Kwa aliyense wobwera kudzayesa buluku ndinkadzitama kuti, “Kwathu kuno tasiyitsa munthu fodya.”

Koma chifuwa osaleka.

Lolemba masana amake Tereza anabwera pafupi kudzandipatsa madzi, ndipo ndinamva fungo la fodya wa chingambwe m'kamwa mwake. Magazi anandiwira.

“Amake Tereza, mukundinamiza? Mwabisa kuti kaliwo wina? Mukufuna anawa aleredwe ndi yani?”

Anaika chikho pansi, n'kuloza chimene chinali kukamwa kwanga.

“Atate ake Tereza, ameneyo wayatsa ndani?”

Kalanga ine! Paja telala sagwira moto pafupi ndi nsalu za eni. Chikwatiranireni, ndikafuna kusuta ndimangoitana kuti, “Tandiyatsirani uyu,” iye n'kupita naye kukhitchini, n'kuikapo khala. Ndipo inu osuta mukudziwa: kaliwo sayaka ndi maso. Uyenera kukoka kawiri katatu kuti fodya agwire moto. Kasanu pa tsiku!

“Kwathu ndinachoka wosadziwa fodya,” anatero misozi ili m'maso. “Ndinaphunzira pa kaliwo wanu yemweyu. Wanga munataya, zikomo. Koma mukandituma, ndikane bwanji, ndinu amuna anga? Ndimakoka, ndiye mtima umafuna kukokanso.”

Akuluakulu amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ine ndinkazima ndi dzanja limodzi, linalo likukolezera.

Tsono musandiseke ndekha. Dzulo ndayenda m'mudzi muno maso ali tcheru. Bambo ali gone pamkeka, mayi akuthamanga ndi kaliwo wofuka. Wina watuma mlongo wake. Timati ndi ulemu, ndipo ndi ulemudi, koma utsi woyamba umalowa m'chifuwa cha yani? Ndiye mayiyo akadzayamba kufuna wakewake, ndife tomwe timakwinya mphuno, ati mkazi wosuta ngwochititsa manyazi. Tinamuphunzitsa ndife! Kulamula munthu kuti asiye n'kosavuta, pakamwa sipatopa. Chovuta n'kufunsa kuti, kodi ine ndikuikapo chiyani pa vuto lakeli?

Lachiwiri ndinati ndiziyatsa ndekha. Khala linagwera pa buluku la kaki la aphunzitsi, bowo loti chala n'kulowa. Amake Tereza anaseka mpaka kutsokomola, ndipo chifuwacho chitamugwira anatsamira chipupa, utsi wanga ukumupita kumaso. Pamenepo ndinaona kuti ngakhale ndiyatse ndekha, nyumba ndi imodzi.

Kaliwo wanga watsatira mnzake kuchimbudzi.

Lero ndi tsiku lachinayi. Sindikunamizani, n'zowawa! Ulusi ukukana kulowa m'singano, ndakalipira ndi nkhuku zomwe. Chilakolako chikandigwira, amake Tereza amandiponyera nzimbe. Chikamugwira iye, ndimasiya makina, tonse n'kukhala pansi kusenda mtedza mpaka chipite. Nzimbe zimene ndinkagulira wodwala tikulimbirana awiri.

Koma tamverani izi! M'mawa uno wachoka kuchitsime ndi mtsuko pamutu, wakwera kamtunda konse kobwera kwathu osatula, osaima. Miyezi inayi sanachitepo zimenezi! Kutsokomola kukadalipo, sindikuti wachira, koma pofika pakhomo anali ndi mpweya wokwanira kundinyoza kuti msoko wa malaya ndapotoza. Ndinalumpha pampando ngati ndalumidwa ndi linthumbu, mpaka anansi anatuluka kudzaona.

Ndiye inu abambo anzanga amene mukudandaula kuti akazi anu sakumva za kusiya fodya, musanakweze mawu madzulo ano, tachotsani chili kukamwa kwanucho, muchiyang'ane bwino. Wakuyatsirani ndani?