Chikhomo cha Patsinde pa Mpoza

Chikhomo chija ndikadali nacho. N'chachitsulo, chotalika ngati mkono wa mwana, ndipo kumutu kwake kudakali kautoto koyera. Chimakhala pansi pa zovala m'sutikesi. Adzukulu anga sadziwa. Atadziwa angakachipereke kwa ogula zitsulo, ndimawadziwa bwino anthu amenewa.

Nthawi imeneyo Balaka inali siteshoni ya sitima, masitolo ochepa a amwenye, ndi fumbi basi. Munda wa amayi unali kuseri kwa sitolo yomalizira. Thonje linali litangochita maluwa achikasu pamene kunabwera mzungu wa ku boma ndi amesenjala awiri, akukoka tcheni pamwamba pa mizere yathu. Wowatsogolera anali malume, akumwetulira. Chiyambire tsiku limenelo, munthu akandifikira akumwetulira ndimayamba ndamuyang'ana m'manja.

"Akungoyeza basi, achemwali," anatero malume. "Masitolo akufuna atalike pang'ono."

Chikhomo chimodzi anachikhoma patsinde penipeni pa mpoza wa kumalire. Anthuwo atapita, amayi anagwada pamaso pa mchimwene wawoyo, poti ndiye anali mwini mbumba.

"Mundawo atenge, achimwene. Koma pampozapo iyayi. Asunthe pang'ono pokha."

"Mpoza womwewu? Kodi kutchireku yatha?"

Chifukwa chake amayi sakanatha kuwauza malume. Chaka cham'mbuyo mwake anabereka mwana wakufa kale. Mwana wotere amakamuika ndi azimayi okhaokha, m'kadzenje kosaya, popanda kulira, ndipo mwamuna sauzidwa malo ake. Izi anadzandiuza amayi aang'ono ine ndili kale ndi ana anga.

Panthawiyo ndinkaona ngati vuto lonse ndi chikhomocho. Masana ena, anthu atathamangira kusiteshoni kukaona sitima, ndinachigwedeza uku ndi uku mpaka chinazuka. M'manja munatuluka matuza. Ndinachibisa m'tsindwi, n'kugona mtima uli m'malo. M'mawa mwake panali china pomwepo, chokhomedwa mozama kuposa choyamba.

Sanadikire kuti tithyole thonje. Kunabwera ngolo za njerwa, ng'ombe zikuponda mbewu, ndipo fungo la laimu linkatilowa mpaka m'madzi akumwa. Mpozawo sunachedwe kugwa, ndipo ngodya ya sitolo yatsopano anailemba pomwepo. Amayi anaimirira pamsewu, dengu lopanda kanthu lili pamutu, kuyang'ana amuna akukumba maziko. Ndinawagwira nsalu. Nkhope yawo inali chete ngati ya munthu wodikira sitima.

Pomwe sitolo yatsopano inkatsegulidwa, malume anali mlonda wake, atavala jekete lakhaki. Ena amati poyamba anakana, koma anawaopseza. Kaya. Sindinawafunse, akanangondinamiza.

Lero masitolo amenewo ndi okalamba ngati ine, malata adzimbiri, zipilala zong'aluka. Ana asukulu amabwera ndi makope awo kudzafunsa mbiri ya tauni yakale. Ndimawauza za sitima ndi za msika wa thonje, n'kulekera pomwepo. Kodi zinazo akazitengere kuti?

Pakhonde la sitolo ija amayi sanapondepo mpaka tsiku limene anamwalira. Mchere ukatha ankaima kutsidya kwa msewu n'kundituma ine.

"Pita wekha. Udzere uku, pangodyapo usapondepo."

Ine ndinkalumpha pangodyapo ngati masewera, n'kucheuka ndikuseka. Ndinkaganiza kuti amayi anga, munthu wamkulu chonchija, akuopa galu wa mwini sitolo.