Galimoto ya Yotamu yalowa m'nyanja

Moni nonse a pabanja.

Mu 1974, ndili ndi zaka 20, ndinakhoma boti langa loyamba, ndipo silinalowepo madzi. Lero manja omwewa ayesedwanso.

Mwana wanga Yotamu wakhala akuumba bodi ya galimoto ya mpikisano ndi faiba wa maboti, pa chasisi yakale. Pansi pake ndinamata ndine. Ankadandaula kuti, "Ada, si boti iyi." Ine ndinamatabe.

M'mawa uno kunabwera mwini loji wina wa ku Kande, kasitomala wake woyamba. Yotamu anali atanena kale kuti munthuyu akakana kugula, iye abwerera ku Joni.

Yotamu anaiimika galimotoyo pamtsetse wotsikira kugombe. Handibuleki sanaikebe, ndipo mwala wotsekera tayala anauiwala. Tikupatsana moni, galimoto inanyamuka yokha, inaponda chinangwa chimene amayi ake a Yotamu anayanika, mpaka thibu m'madzi.

Koma sinamire. Inangoyandama, yofiira psuu, asodzi n'kuikoka ndi chingwe cha ukonde. Mlendo uja anagwira mpando napeza uli wouma. Anaseka mpaka kukhala pamchenga, nati, "Madala, iyi ndatenga. Mundipangire inanso, koma ikhale ndi buleki."

Yotamu sapitanso ku Joni. Mtima wanga wakhala pansi.

Amayi ake okha ndiwo sakutiyankhula. Inu mukuti tiwapepese bwanji? Zimene tataya ndi nyali imodzi, batire, ndi kondowole wa sabata yonse.