Nkholokolo ya a Gregorio

A Gregorio anabwera ku Zingwangwa kuchokera ku Nsanje ine ndisanabadwe. Ankagwira ntchito yaulonda pabekale ina ku Limbe. Mu 2009 ine ndi mwamuna wanga tinkachita lendi khomo loyandikana ndi lawo, panyumba za mayi Ursula.

Pabalaza pawo panali thanki yagalasi imene bwana wawo wakale anawasiyira posamuka. Ndinkaiona pawindo ndikamayanika matewera: madzi, mchenga, miyala, kachidutswa ka paipi. Nsomba ayi. Koma madzulo alionse asananyamuke ankaponyamo nyongolotsi n'kumati, "Idya, mnzanga." Kukacha, nyongolotsi mulibe.

Mwana wanga Anjelina atayamba kutsokomola, maganizo anga anathamangira kuthankiko. Ndinauza mayi Ursula kuti bambowa akuweta chinthu chosaoneka. Sindinadziwe kuti zifika patali. Lachisanu mayiwo anauza a Gregorio kuti mwezi ukamatha akhale atachoka.

Iwo sanakalipe. Loweruka masana anagogoda kwathu.

"Amake Anjelina, tabwerani mudzaione mfiti inzangayo."

Ndinapita mwana ali kumsana. Anatseka makatani, n'kufunditsa thanki bulangete, kusiya kampata kakang'ono.

"Suzumirani apa. Koma musapume ngati minibasi pachitunda, mwini wake ndi wamanyazi."

Ndinagwada mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kenako mupaipi munatuluka tindevu, kenako mutu, kenako kansomba ka mawangamawanga, kotalika ngati chala changa. Kanayamba kufufuza mumchenga pang'onopang'ono.

"Nkholokolo imeneyo," anatero. "Kwathu ku Shire ngakhale mwana amaidziwa. Kukawala imabisala, kukada ili pantchito. Tonse ndife a naiti. Inenso ndimaiona bwino tsiku la ofu lokha." Anayang'ana Anjelina. "Koma chifuwacho pitani nacho kuchipatala, mwanawe. Musachedwe ndi ine."

Kuchipatala ndinapita Lolemba, anatipatsa mankhwala. Koma kwa mayi Ursula ndinapita tsiku lomwelo la Loweruka, manyazi ali tho, kukawauza kuti ndi nsomba chabe.

"Iwe, dzana chinthu chosaoneka, lero nsomba? Pakamwa pako n'pamodzi?"

Ndinawachonderera mpaka anavala masilipasi. Anagwada pathanki, mutu m'bulangete, nthawi yaitali ndithu. Atadzuka anasasa chitenje.

"Kameneka, a Gregorio? Ngakhale ndiwo za mwana sikangakwane. Khalani."

A Gregorio anakhala zaka zina zisanu, mpaka anapuma pantchito n'kubwerera kwawo ku Nsanje.