Mbiri ya Malemu Yochokera mu Foni

Bambo anga anaphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse m'sukulu za kuno ku Kabudula, ndipo anali mkulu wa mpingo wodana ndi mowa koopsa. Atamwalira, ophunzira awo akale anabwera ambiri, ena pagalimoto kuchokera mutauni. Pabanja tinagwirizana kuti mbiri ya malemu iwerengedwe m'Chingerezi, chilankhulo chawo chapamtima, ine ndizimasulira m'Chichewa. Ntchito yolemba tinampatsa mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa ku yunivesite amene anakulira m'manja mwa agogo akewo.

Mbiriyo sindinaione isanawerengedwe. Pamaliro a kholo mwana wamwamuna umakhala pikitipikiti, uku bokosi, uku alendo, uku chakudya cha okumba manda.

Abusa atatipatsa mpata, tinaimirira awiri pafupi ndi bokosi, iye foni ili m'manja. Chingerezi chake, ha! Chosalala ngati cha pawailesi. Ndinkamasulira ndikudzimva. Kenaka ndinamva akuwerenga kuti malemu ankakonda kuwedza nsomba. Nsomba? Bambo ankaopa ngakhale kuponda m'madzi a Bua. Ndinangonena kuti ankakonda zachilengedwe.

Mtsikana uja osaima. Ndi mawu omwewo achisoni anawerenga kuti madzulo malemu ankakonda kukhala pakhonde ndi tambula ya vinyo.

Mayo ine! Abusa anazyolika, mkulu wina wa mpingo anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. Odziwa Chingerezi anali atamva kale, osachidziwa akudikira ine.

"Tamasulirani, achimwene, ife sitinamve," anatero mayi wina pakati pa oimba.

"Akuti ankakonda kukhala pakhonde madzulo," ndinatero.

Kumbali ya anthu a mutauni wina anatsokomola chitsokomolo chobisa kuseka. Pamenepo ndinazindikira kuti ndaipitsiratu, tsopano zinaoneka ngati banja likubisa.

Titabwerako kumanda ndinamuitanira mtsikana uja kuseri kwa chigafa cha fodya, ukali utandidzaza.

"Iwe, vinyo ameneyu unawaona akumwa liti agogo ako?"

"Amalume, si ine. Ndinangoiuza foni kuti ilembe mbiri yokoma ya agogo amene anali mphunzitsi."

"Osaiwerenga n'komwe?"

"Inkaoneka bwinobwino. Kusukulu tonse timatero."

Ndinang'amba pepala, n'kumupatsa cholembera. Ndinati alembe yekha zoona zokhazokha, ngakhale mizere iwiri, tikawerenge kutchalitchi Lamulungu. Anakhala pachitsa, cholembera m'mwamba. Analemba liwu limodzi, n'kulifufuta. Misozi inayamba kudonthera papepala.

"Ndikuwadziwa agogo, amalume. Koma chiyambireni yunivesite sindinalembepo ndekha. Sindikudziwa poyambira."

Ukali wonse unathera pomwepo, m'malo mwake ndinagwidwa mantha. Mwana yemweyu, ali kupulayimale, ankalemba nkhani zoti bambo n'kumaonetsa aphunzitsi anzawo!

Ndinalemba ndekha zokonzazo, ndipo Lamulungu ndinaziwerenga pamaso pa mpingo. Anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Koma a mutauni aja anali atapita kale, atanyamula zomwe anamva.

Chaka chatha pamsika wa Nsaru bambo wina wa imvi anandigwira dzanja, nati anaphunzitsidwa ndi malemu, ndipo pamaliro analipo. Anawayamikira mpaka ine misozi kulengeza. Potsazikana anandikokera pafupi, akumwetulira mwachikondi.

"Komatu aphunzitsi anatibisa, eti? Ife kutikwapula chifukwa cha kachasu, eni ake akulawako pakhonde."