Repu wa Apongozi Anga

Apongozi anga aamuna, a Hezron, analima fodya ku Katowo zaka makumi atatu. Msana utayamba kuwavuta anatsikira kudimba, n'kumalima repu ndi kabichi. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosakalipa, ndipo masana aliwonse amadya atanyamula mwana wanga Walusungu pamwendo.

Ine kwathu ndi ku Dedza, mwamuna wanga ali ku Joni. Nditangofika anandilangiza kuti kuno mkazi salankhula ndi apongozi ake aamuna. Mawu anga amadzera kwa mlamu wanga Anne.

Mu Seputembala nsabwe zinagwa m'dimba. Zotuwa, zothithikana kunsi kwa masamba, kuyamwa mpaka tsamba kupindika. A Hezron anawaza phulusa, anayesa madzi a sopo, osatheka. Lachiwiri ndinawaona akutulutsa m'chigafa botolo lakale lotsala pa fodya, n'kuthira mumpope osayeza. Atachoka ndinalitola. Sukulu ndinalekezera Fomu 3, koma ndinawerenga ndithu kuti si mankhwala a ndiwo.

M'mawa mwake anathyola repu yemweyo n'kupatsa Anne kuti aphike.

"Alamu, kawauzeni adada kuti masambawa sadyedwa," ndinanong'ona.

Anne anaseka. "Ine ndikaphunzitse mlimi wa fodya za mankhwala? Mumaopa chomene, inu a ku Dedza. Titsuka kawiri basi."

Ndinatsuka kasanu, fungo osachoka.

Masana ndinagwada patali ndi khonde, maso ali pa dzanja la a Hezron. Anatema kambamu, anasunsa m'ndiwo. Walusungu anayasama kuti alandire. Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji, ndinangopezeka ndamulanda mwanayo.

"Adada, chonde. Mankhwala aja ndi a fodya. Mwapopera dzulo lomweli."

Sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa Anne.

"Umuuze mlamu wakoyu kuti mankhwalawa ndinayamba kuwagwira iye asanabadwe. Ine ndingaphe mdzukulu wanga?"

Anadya kambamuko okha, pang'onopang'ono, mpaka kumaliza mbale yonse. Akusamba m'manja ananena kuti nsabwe zafa, repu wapulumuka, mawa athyola wina.

M'dimba mwatsala mizere isanu ndi umodzi, ndipo pakhomo pano palibe amene akundiyankha moni. Ndamanga zovala za Walusungu m'chitenje. Galimoto yopita ku Boma imadutsa m'mamawa, a Hezron asanabwere kuchokera kudimba.