Kabotolo Kanali Kofiira

Abusa andipempha kulemba mbiri ya alamu anga m'kalata ya mpingo. Ndilemba, koma wofuna zotsekemera atsegule tsamba lina.

Alamu anga anakula mwa umasiye, akulera azing'ono awo atatu. Sukulu ankapita atatha kuchapa, koma Sabata sankajomba. Atakula analembedwa ntchito m'labotale yofufuza mankhwala a mabakiteriya amene samvanso mankhwala akale. Kumeneko amatenga kachidutswa ka puloteni ya pakhungu la chule, n'kukalumikiza ndi ka mu ululu wa njuchi, kuti ziwirizo zikhale mankhwala amodzi oboola tizilombo. Ntchito ya alamu inali kudonthezera mankhwalawo m'kabotolo ka magazi a munthu. Madzi a pamwamba akakhala oyera, zili bwino. Akafiira, ndiye kuti mankhwalawo akuphwanyanso magazi a wodwala.

Tsiku lina panapezeka mankhwala opha tizilombo mochititsa kaso. Labotale yonse inavina. Koma kabotolo ka alamu kanafiira. Anabwereza kanayi, kufiira kokhakokha.

Bwana wawo, amenenso ndi mkulu wa mpingo uno, anati, "Mayi, lembani kuti n'koyera. Tikonza m'tsogolo."

"Bambo, maso awa ndidzaonekera nawo kwa Mulungu," anayankha alamu.

Basi, anawachotsa pa ntchito ya magazi n'kuwaika kotsuka mabotolo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi! Manja anachita kusupuka ndi sopo. Anzawo ankasiya kudya iwo akalowa, ati anawaphera mwayi. Nanga inu a m'kwaya, si inu munawapatsa dzina loti Mayi Mabotolo, mukuseka kuseri kwa mabuku a nyimbo? Ine zinkandiwawa kwambiri, koma iwo ankangoti, "Mlamu, botolo loyera nalonso limapulumutsa munthu." Mankhwala aja sanafike kwa wodwala aliyense, chifukwa popanda siginecha ya alamu sakanapita patsogolo.

Atapuma ntchito ankayendera odwala, kuwasambitsa ndi kuwapempherera, mpaka miyendo inakana. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ali phee, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Asanatseke maso anandituma kwa bwana uja.

"Mukawauze kuti ndinawakhululukira kalekale," anatero. "Koma kabotolo kaja kanali kofiira."

Inu bwana, akulu a mpingo, uthenga wanu ndi umenewo. Ndaulemba muno poti kumaliro simunabwere.