Bambo Ackroyd ndi Msonkho wa Nyumba

Bambo Clifford Ackroyd, amene tayandikana nawo nyumba kwa zaka zambiri mumzinda muno mwa Hull, anasiya sukulu ali mnyamata ndipo analumbira kuti sadzapondakonso. Anayendetsa basi mpaka imvi zinadzaza m'mutu. Akazi awo atamwalira, m'zipinda zam'mwamba anaikamo ana awiri a ku yunivesite, Tamsin ndi Rhodri, kuti lendi yawo izithandizana ndi penshoni.

Chimene chinkawasautsa ndi msonkho wa nyumba wa khonsolo. Unkawalemera kwambiri moti anayamba kuganiza zogulitsa nyumbayo. Tsiku lina Rhodri, akudya nyemba ndi buledi, anati, "Madala, mukudziwa kuti nyumba ya ana a sukulu okhaokha silipira msonkho? Muno woononga zinthu ndi inuyo."

"Ine? M'nyumba yanga yomwe?"

"Eya. Mukanakhala wophunzira, khonsolo sikanakudziwani n'komwe."

Bambo Ackroyd anamaliza tiyi wawo, natsuka kapu. Mawa lake anagogoda kwanga, poti ine ndine mphunzitsi.

"Aphunzitsi, ku yunivesite kuli maphunziro ati osalowa masamu?"

Ndinawathandiza kukonzekera kwa chaka, ndipo a ku yunivesite anawatenga kuti aphunzire mbiri yakale. Fizi inali ya ngongole ya boma. Iwo anati pa msinkhu wawo boma likhoza kudikira.

M'kalasi ankakhala kutsogolo, chakumanja, monga anazolowera m'basi. Loweruka lililonse ankabwera kwanga ndi zimene alemba. Nkhondo yonse ya mafumu awiri anaimaliza mu mzere umodzi: "Anakangana, anamenyana, wina anafa." Ndinawapempha kuti awonjezereko. Anati zina zonsezo n'zokometsera chabe. Komabe mayeso ankakhoza, msonkho unaleka kubwera, ndipo nkhani yogulitsa nyumba inazirala.

Chaka chachiwiri chili mkati, Tamsin anasiya sukulu. Anali mwana wofatsa, wanzeru, koma mtima unamulemera ndipo mabuku sankalowanso. Kobwerera analibe, poti mayi ake anali atakwatiwanso kunja kwa dziko. Tsono munthu mmodzi amene sali pa sukulu akwanira kubwezeretsa msonkho panyumba, ndipo wolipira ndi mwini nyumba.

"Ndimuuza asamuke," anandiuza Bambo Ackroyd pampanda. "Lero lomwe."

Kwathu kuno nkhani yolemera sitiinena ketulo isanawire. Choncho anatereka ketulo, naitana mtsikanayo kukhitchini, nakhala moyang'anizana.

"Kukuoneka kuti kugwa mvula," anayamba iwo.

"Eya, madala."

"Koma dzulo kunali bwino."

"Kunali bwino ndithu."

Tiyi anatha. Mawa lake anaterekanso ketulo, nakambirana za mphepo. Tsiku linalo anakambirana za galimoto ya zinyalala imene inachedwa. Sabata isanathe Rhodri anatsegula kabati, nati, "Madala, masamba a tiyi atha. Mwamuuza, kapena tikagule ena?"

Lamlungu ndinali komweko, ndikuwaonera zolemba zawo, pamene Tamsin anatsika ndi sutikesi.

"Ndikudziwa za msonkho," anatero. "Ndalongedza kale."

"Wakuuza ndani?"

"Mwandiphikira tiyi sabata yonse, madala. Chilowereni muno simunandiphikirepo."

Bambo Ackroyd anayang'ana sutikesi ija kwa nthawi ndithu. Kenako anayang'ana ine, koma ine ndinali wotanganidwa ndi cholembera changa chofiira.

"Ukupita kuti?" anamufunsa Tamsin.

"Ndiona."

"Ine ndimafuna kukuuza kuti usamasiye mbale zakuda m'sinki, mwana wanga. Basi. Kweza chimenecho, wina apunthwa nacho."

Rhodri ananyamula sutikesi ija, akung'ung'udza kuti muli miyala.

Lolemba Bambo Ackroyd anavala tayi, nakaima pamzere ku ofesi ya khonsolo, nanena okha kuti panyumba pawo pali munthu amene si wophunziranso. Kuti apeze cholipirira, anayamba kuyendetsa minibasi ya gulu la okalamba kumapeto a sabata. Nyumba sanagulitse.

Ndinawafunsa ngati tsopano asiya sukulu, poti chimene anaiyambira chalephereka.

"Sindingathe," anayankha. "Akuti ndikasiya, amene sitili pa sukulu tikhala awiri, msonkho ukwera. Ndiye ndikulipira msonkho, ndikugwira ntchito, komanso Lachinayi ndili ndi mayeso."

Anatulutsa mapepala m'chikwama, nawayala patebulo panga. Anali atalemba masamba awiri athunthu.